Lipenga Lalikulu m'Cipinda Cacing'ono: Kusankha ndi Kuika Masipika ku Kafue

Munthu wocokera kumudzi akatsika basi m'tauni ya Kafue tsiku Loweruka madzulo, cimene ciyamba kumulandira ndi phokoso la nyimbo. M'mbali mwa mseu waukulu wocokera ku Lusaka masitolo ambiri ali ndi bokosi la nyimbo pakhomo, ndipo m'kati mwa Kafue Estates, Zambia Compound ndi Shikoswe nyumba ina iri kuliza kalindula, ina nyimbo za kwaya, inanso nyimbo za acinyamata za masiku ano. Mlendoyo akabwerera kwao apita ndi cilakolako cakuti nayenso, akadzagulitsa cimanga, nshawa kapena nsomba, adzagule masipika akulu-akulu onga amene anaona m'tauni.

Cilakolako cimeneci sicoipa ai. Munthu amene wagwira khasu kapena ukonde caka conse ayenera kupumula ndi nyimbo zokoma m'nyumba mwake. Koma ambiri amene anagula masipika osafunsa anadandaula pambuyo pake. Ena anapeza kuti bokosi limene linamveka bwino m'sitolo lingogunda ngati bingu m'cipinda cao, malata a denga ndi kumanjenjemera, mau a woimba osamveka. Ena anapsereza ampulifaya mwezi usanathe. Enanso anadana ndi anansi amene anakhala nao bwino zaka zambiri. Ndalama za zokolola zibwera kamodzi pa caka, ndipo zikapita pa cinthu colakwika banja lonse lidikira caka cina.

Pakati pa masipika onse pali mtundu umodzi umene okonda nyimbo m'maiko ambiri aulemekeza kwambiri, ndiwo masipika a lipenga, amene mau ao atulukira pakamwa pofutukuka ngati pa lipenga la asilikali. Ena a iwo ndi odula koposa galimoto, ena mmisiri wa matabwa angathe kuwakhoma pa Kafue pomwepo. Onsewo ali ndi khalidwe limodzi: afuna magetsi ocepa koma atulutsa mau ambiri. Cifukwa ca ici ndi oyenera nthawi za kusowa kwa magetsi, koma cifukwa comweco ndi obvuta kukhala nao m'cipinda cacing'ono.

Tauni ya mafakitale ndi nyimbo zake

Kafue inakula ndi njanji ndiponso mafakitale. Ulalo wa njanji pa mtsinje wa Kafue unamangidwa mu 1906, koma anthu ambiri anadza pambuyo pa ufulu wa 1964, pamene panaimikidwa fakitale ya nsalu ya Kafue Textiles ndi ya feteleza ya Nitrogen Chemicals of Zambia, imene inayamba nchito mu 1970. Anchito anacokera ku zigawo zonse za dziko, ena ku Chipata, Katete ndi Petauke. Nyumba zimene anamangiridwa zinali zolimba, za pansi pa simenti, koma zipinda zake zinali zazing'ono. M'zipinda zomwezo ndi mmene ana ndi adzukulu ao afuna kuikamo masipika lero.

Lipenga si cinthu cacilendo kwa anthu a dziko lino. Akulu-akulu akumbukira galamafoni yopukusa ndi dzanja, imene inalibe batire ngakhale waya, koma inamveka pabwalo lonse cifukwa ca lipenga lake. Mu 1949 kunabwera kawailesi kochipa kochedwa Saucepan Special, kamene kampani ya Ever Ready inapanga atalimbikira Bambo Harry Franklin a ku nyumba ya mphepo ya ku Lusaka. Kanagulitsidwa pa mapaundi 5, ndipo kanafikitsa mau a Alick Nkhata m'midzi yambiri. Pambuyo pa ufulu, ulemu wa munthu wa pa nchito unali wailesi yaikulu ya m'kabati yolizanso mbale, yonga zimene fakitale ya ITT Supersonic inali kupanga ku Livingstone. M'zaka za m'ma 1970, pamene Mtsogoleri Kenneth Kaunda analamula kuti nyimbo zambiri za pa wailesi zikhale za muno, kampani ya Teal ku Ndola inasindikiza mbale za oimba monga Emmanuel Mulemena, Paul Ngozi ndi gulu la WITCH. Mbale zimenezo tsopano zifunidwa ndi anthu a ku Ulaya ndi ku America, ndipo mabanja amene anazisunga m'sutukesi ali ndi cuma coyenera kucimvera pa masipika abwino.

Magetsi nao ali pafupi ndi tauniyi. Makina a ku Kafue Gorge anayamba kupereka mphamvu kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970, ndipo mu 2023 anatsegulira ena atsopano a Kafue Gorge Lower, a mphamvu ya ma megawatt 750. Komabe cilala ca 2024 cinaphunzitsa anthu kuti kukhala pafupi ndi mtsinje sikutanthauza kukhala ndi magetsi. M'caka cimeneco nyumba zambiri zinali kukhala mumdima maola 17 pa tsiku kapena kupitirira, ndipo amene anatha anagula sola ndi batire. Pamenepo anthu a m'tauni analowa m'bvuto limene a kumidzi alidziwa kuyambira kale, lakuti batire imodzi iyenera kuunika nyumba, kuika moto m'mafoni ndi kuliza nyimbo.

Mmene lipenga ligwirira nchito

Msodzi akafuna kuitana mnzake amene ali kutsidya la mtsinje apinda manja ake awiri pakamwa. Mphamvu ya cifuwa cake iri cimodzi-modzi, koma mau afika kutali pakuti manja awasonkhanitsa ndi kuwalozetsa kumodzi. Nzeru ya sipika ya lipenga ndi yomweyi.

Mau ndiwo kugwedezeka kwa mpweya. M'sipika wamba muli cipepala cozungulira cimene magineti ndi waya wokulunga zicikankha kutsogolo ndi kumbuyo. Koma mpweya ndi wopepuka, ndipo cipepala cikaukankha ungothawira m'mbali, monga madzi acitira kwa munthu wopalasa bwato ndi kamtengo m'malo mwa nkhafi. Kotero pa magawo 100 a mphamvu ya magetsi imene ilowa m'sipika wamba, gawo limodzi lokha kapena locepera ndilo lisanduka mau, yotsalayo ingotenthetsa waya. M'sipika ya lipenga mpweya upanikizidwa pa kakhosi kakang'ono, ulibe kothawira, ndipo ufutukuka pang'ono-pang'ono kufikira pakamwa. Lipenga lopangidwa bwino lisandutsa magawo 10 kapena kupitirira kukhala mau.

Kukula kwa mau kupimidwa ndi muyeso wochedwa decibel, umene ulembedwa dB. Sipika wamba ya m'nyumba ikapatsidwa watt imodzi itulutsa mau a pakati pa 85 ndi 88 dB kwa munthu woima pa mita imodzi. Masipika a lipenga atulutsa 95, 100, ena mpaka 105 dB pa watt imodzi yomweyo. Manambalawa aoneka oyandikana koma kusiyana kwake ndi kwakukulu, pakuti kuti mau akwere ndi 3 dB pafunika mphamvu yowirikiza kawiri, ndipo kuti akwere ndi 10 dB pafunika yowirikiza kakhumi. Tanthauzo lake ndi lakuti sipika ya 98 dB pa ampulifaya ya ma watt 5 imveka mofanana ndi sipika ya 88 dB pa ampulifaya ya ma watt 50. Kwa banja lodalira batire, apa ndi pamene pagona nkhani.

Nzeru imeneyi inakula m'nyumba zoonetsera kanema. Pamene kanema wolankhula anayamba ku America mu 1927, ma ampulifaya anali a mphamvu yocepa kwambiri, ndipo kampani ya Western Electric inaika malipenga akulu kuseri kwa cinsalu kuti anthu mazana amve. Mu 1945 kampani ya Altec Lansing inatulutsa masipika a Voice of the Theatre, amene anafala m'nyumba za kanema za maiko ambiri. Mmodzi wa anthu amene analowetsa lipenga m'nyumba yogona ndi Paul W. Klipsch, amene mu 1946 anayamba kupanga sipika yochedwa Klipschorn m'tauni yaing'ono ya Hope ku Arkansas. Sipika imeneyo ikali kupangidwa kufikira lero.

Bvuto limene Klipsch analimbana nalo ndi la besi, ndiko kuti mau aakulu a pansi. Mau ayenda mamita ngati 343 pa sekondi, ndipo ayenda m'mafunde. Funde la mau okwera kwambiri, ogwedezeka ka 10,000 pa sekondi, litalika masentimita 3 ndi pang'ono. Funde la besi logwedezeka ka 50 pa sekondi litalika pafupi-fupi mamita 7. Kuti lipenga loima pabwalo litulutse besi yotere, pakamwa pake payenera kupingasa mamita awiri ndi kupitirira, cinthu cimene sicingalowe pakhomo la nyumba. Klipsch anapinda lipenga m'kati mwa bokosi la matabwa ndi kulikankhira pangodya ya cipinda, kuti zipupa ziwiri ndi pansi zikhale ngati mbali yotsiriza ya lipengalo.

Malipenga sali amodzi

Wogula ayenera kusiyanitsa mitundu itatu, pakuti ambiri asocera pomwepa.

Woyamba ndiwo lipenga lotuwa lacitsulo limene limangidwa pa mtengo pa msika, pa mzikiti, pa sukulu ndi pa galimoto yolengeza. Makampani monga TOA ya ku Japan ndi Ahuja ya ku India apanga ambiri otere. Nchito yake ndi kufikitsa mau a munthu kutali, ndipo pa msonkhano wa amfumu kapena wa alimi palibe loliposa. Koma besi silitulutsa, ndipo likapatsidwa besi yambiri lipsa. M'nyumba lingolasa makutu.

Waciwiri ndiwo mabokosi akuda a pa ukwati ndi pa disiko, amene ali ndi cipepala cacikulu pansi ndi kalipenga pamwamba. Awa anapangidwira holo ndi bwalo. Alipo abwino, koma ochipa ambiri ali ndi kalipenga ka pulasitiki kongoliza mluzu wakuthwa, kamene kanaikidwa kuti bokosi lioneke lamphamvu. Cikome-kome ca nkuyu, m'kati muli nyerere.

Wacitatu ndiwo malipenga opangidwira kumvera nyimbo m'nyumba, monga a Klipsch ndi JBL a ku America kapena Avantgarde Acoustic a ku Germany. Mitengo yao ndi yoopsa. Klipschorn iri yonse italika mita imodzi ndi masentimita ngati 35, ilemera makilogiramu ngati 100, ndipo ziwiri zatsopano zipitirira madola 15,000 a ku America, msonkho ndi conyamulira zisanawerengedwe. Ndalama zotere zimanga nyumba ya njerwa kumudzi. Komabe nkofunika kuwadziwa, cifukwa malamulo amene eni masipika odulawa atsata ndi omwewo amene athandiza munthu wa bokosi lochipa. Ndipo kampani yomweyo ya Klipsch inazindikira kuti si cipinda ciri conse cingalandire cimphona. Mu 1957 inatulutsa sipika yaing'ono yochedwa Heresy, yosafika m'ciuno mwa munthu, ndipo mu 1959 ina ya pakati yochedwa Cornwall. Ziwirizi ziri ndi malipenga pa mau a pakati ndi okwera okha, besi ituluka pa cipepala wamba. Kapangidwe kameneka ndiko koyenera zipinda zambiri za ku Kafue ndi kumidzi.

Cipinda naco ciimba

Mwana akauzira mpweya pakamwa pa botolo, botolo lilira liu limodzi lokha, ndipo liulo lidalira kukula kwa botolo. Cipinda ciri cimodzi-modzi. Mafunde a besi akagunda cipupa abwerera, nakumana ndi anzao, ndipo pa mau ena aunjikana kufikira kugwedeza mazenera.

Mwini nyumba angathe kudziwa yekha mau amene cipinda cake cikuza. Atenge nambala 172 ndi kuigawa ndi utali wa cipinda m'mamita. Cipinda cotalika mamita 4 cikuza mau ogwedezeka ka 43 pa sekondi. Ngati m'lifupi mwake ndi mamita 3, cikuzanso a ka 57. Ngati siling'i iri pa mamita awiri ndi theka, cikuza a ka 69. Manambala atatuwa akasiyana, bvuto ligawanika ndipo licepa. Koma cipinda cofanana mbali zonse ndico coipa koposa. Ca mamita atatu ndi theka uku ndi uku ciunjika mphamvu yonse pa liu limodzi la ka 49, kotero kuti woimba gitala ya besi akafika pa liulo nyumba igunda, akacokapo besi isowa.

Mau otere sali ofanana ponse m'cipinda. Pafupi ndi cipupa, maka-maka pangodya, besi iculuka. Pakati peni-peni pa cipinda mau ena a besi azimirira. Ndico cifukwa cake bambo wokhala pa sofa yotsamira cipupa adandaula kuti besi yanyanya, pamene mwana woima pakati afuna kuonjeza.

Palinso mau obwerera. Pansi pa simenti yopukutidwa ndi polishi, zipupa za pulasitala, magalasi a kabati ya mbale ndi denga la malata lopanda siling'i, zonsezi zibweza mau ngati phanga. Munthu akaima pakati pa cipinda ndi kuomba m'manja kamodzi, namva kulira kotsalira ngati kwa citsulo, adziwe kuti cipindaco cifuna mankhwala cisanalandire sipika iri yonse. Apa lipenga liri ndi mwai umodzi: mau ake apita molunjika ngati kuwala kwa tochi, osamwazika ngati kwa nyali ya koloboi, kotero ocepa okha ndi amene agunda zipupa za m'mbali.

Posankha

Coyamba ndi kupima cipinda asanapite ku sitolo, ndi kupimanso khomo. Masipika a malipenga awiri kapena atatu afuna kuti womvera akhale pa mtunda wa mamita awiri ndi theka kapena atatu, kuti mau a besi, a pakati ndi okwera asakanikirane asanafike kukhutu. Akakhala pafupi kwambiri amva mbali iri yonse payokha-payokha. M'cipinda ca mamita 3 kwa 4, sipika ya cipepala ca mainchesi 10 kapena 12 ndi lipenga limodzi kapena awiri ikwanira. Ya mainchesi 15 ifuna cipinda cokulirapo, ndipo ya pangodya ifuna ngodya ziwiri za zipupa zolimba, zopanda khomo kapena zenera pafupi.

Caciwiri ndi kusakhulupirira manambala akulu-akulu a pa katoni. M'masitolo a ku Kamwala ndi kwina mu Lusaka mupezeka mabokosi olembedwa ma watt zikwi zambiri, kawiri-kawiri ndi malembo akuti PMPO. Nambala imeneyo ndi ya malonda cabe. Zofunika kuwerenga ndi zitatu: ma watt a RMS, ma dB a pa watt imodzi, ndi ma ohm. Wogulitsa amene sangathe kuonetsa manambala atatuwa sadziwa cimene agulitsa.

Cacitatu ndi kumvera ndi makutu ake. Wogula atenge nyimbo imene aidziwa bwino, maka-maka ya kwaya kapena ya munthu woimba ndi gitala imodzi, ndipo apemphe kuti ailize motsitsa. Pa phokoso lalikulu bokosi liri lonse limveka lamphamvu. Pa mau otsika ndi pamene cinyengo cioneka. Lipenga loipa licititsa woimba kumveka ngati watsina mphuno kapena ayankhulira m'citini. Lipenga labwino lipereka liu la munthu monga liri, ndipo ng'oma imveka kuti ndi cikopa cimene camenyedwa ndi dzanja. Amverenso wolengeza nkhani pa wailesi, pakuti khutu la munthu ali yense lidziwa liu la munthu mnzake.

Cacinai ndi ampulifaya. Popeza lipenga likuza ciri conse, likuzanso zoipa. Ampulifaya imene ingoti "sii" kapena "mmm" pamene nyimbo yaima idzasowetsa mtendere pa sipika ya 100 dB. Wogula aimike nyimbo ndi kuika khutu pafupi ndi lipenga. Olemera a ku maiko ena akonda kuliza malipenga ndi ma ampulifaya akale a machubu a galasi, koma amenewa adya magetsi ngakhale nyimbo isali kulira, ndipo atenthetsa cipinda, cinthu cosafunika m'mwezi wa October. Wa sola asankhe ka ampulifaya kakang'ono ka mtundu wa Class D, kamene kayenda pa batire ya 12 volt osataya mphamvu yambiri. Ma watt 10 kapena 20 oona akwanira.

Amene afuna kupita kwa mmisiri wa matabwa acita bwino, koma adziwe kuti bokosi la sipika sindilo kabati. Miyeso yake yonse inawerengedwa, ndipo kufutukuka kwa lipenga kukasinthidwa kuti thabwa likwanire, mau aonongeka. Mmisiri atsate pulani yoyesedwa kale, agwiritse nchito pulaiwudi ya mamilimita 18, amate ndi guluu ndi kumanga ndi masikuluu, ndipo asasiye mpata wotulukira mpweya kumene pulani sinanene. M'kati muyenera kukhala kacipangizo kogawa mau kochedwa crossover, kamene kaletsa besi kulowa m'kalipenga. Popanda iko kalipenga kapsa tsiku loyamba.

Poika

Mai ali yense adziwa kuti mphika ukhazikika pa mafuwa atatu oikidwa motalikirana mofanana. Masipika awiri ndi mpando wa womvera ndiwo mafuwa atatu a nyimbo. Ngati masipika atalikirana mamita awiri ndi theka, mpando ukhale mamita awiri ndi theka kapena atatu kucokera ku sipika iri yonse. Cingwe cimodzi cikwanira kupimira, ndipo mtunda wa kumanzere ufanane ndi wa kumanja. Zikatero woimba amveka ngati waima pakati pa masipika, pamene palibe kanthu.

M'cipinda cotalika mbali imodzi, masipika aime ku cipupa cacifupi kuti womvera apeze mtunda. Mpando usatsamire cipupa ca kumbuyo ndiponso usakhale pakati peni-peni pa cipinda. Kuukoka theka la mita kucokera ku cipupa kusintha zambiri. Ngati malo sakulola, nsalu yocindikala kapena mphasa yopacikidwa kumbuyo kwa mutu ithandiza.

Pakamwa pa lipenga pakhale pa msinkhu wa makutu a munthu wokhala pansi pa mpando. Sipika yaifupi ingathe kukwezedwa pa mabuloko olimba kapena kupendeketsedwa pang'ono kuti iyang'ane m'mwamba. Kuika masipika pamwamba pa kabati pafupi ndi denga, monga ambiri acitira poopa ana, kutaya mau okwera ndi kugwedeza malata.

Masipika asayang'ane kutsogolo ngati asilikali pa pelete. Atembenuzidwe kuti ayang'ane womvera. Ngati mau alasa, atembenuzidwe mopitirira pang'ono kuti njira zao zipingasane kutsogolo kwa mpando. Njira imeneyi icepetsa mau ogunda zipupa za m'mbali, ndipo ithandiza kuti okhala m'mphepete mwa sofa amvenso masipika onse awiri.

Kunena za mtunda wa ku cipupa ca kumbuyo kwa masipika, lamulo ndi ili: kuyandikiza kuonjeza besi, kutalikitsa kuicepetsa. Sipika yopangidwira pangodya ilowe pangodya. Zina zonse ziyambe pa masentimita 30 kapena 40 kucokera ku cipupa, ndipo mwini azisunthe pang'ono-pang'ono, kutalika kwa cikhato nthawi imodzi, akumvera nyimbo imodzi-modzi. Akapeza malo abwino alembe pansi ndi coko, kuti wosesa akasuntha azibwezere pomwepo. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Mankhwala a cipinda sali odula. Mphasa ya bango kapena kapeti pansi, pakati pa masipika ndi mpando, icotsa mau obwerera pa simenti. Makatani ocindikala pa zenera, sofa ya nsalu ndi shelefu ya mabuku zithandizanso. Pofuna kudziwa malo oyenera kupacika bulangete pa cipupa ca m'mbali, wina akhale pa mpando ndipo mnzake ayendetse kalilole pa cipupaco. Pamene wokhalayo aona sipika m'kalilole, pomwepo ndi pamene mau agunda. Koma nsalu yopyapyala ngati citenje igwira mau okwera okha, besi siyiona. Besi ikonzeka ndi kusuntha masipika ndi mpando, ndiponso kumanga zonse zonjenjemera: malata omasuka, zitseko za kabati ndi matambula.

Waya wofiira upite pa cofiira ndi wakuda pa cakuda, ku masipika onse awiri. Umodzi ukatembenuzidwa, sipika ina ikankha pamene inzake ikoka, besi ithawa, ndipo mwini aganiza kuti anamunamiza. Asalumikizenso masipika ambiri pa malo amodzi. Awiri a 8 ohm olumikizidwa pamodzi akhala 4 ohm, anai akhala 2 ohm, ndipo ma ampulifaya ambiri apsa pamenepo. Pomaliza, bokosi lisagone pa simenti ya cinyontho nthawi ya dzinja, ndipo mwini aziyang'ana ciswe, mphemvu ndi makoswe, amene akonda kumanga m'kati mwa lipenga lopinda.

Makutu ndi anansi

Mphamvu ya lipenga ndiyonso ngozi yake. Sipika ya 100 dB ifika pa muyeso woononga makutu ndi watt imodzi yokha. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linena kuti munthu wamkulu angathe kumvera mau a 80 dB kwa maola 40 pa sabata osavulala, koma pa 90 dB nthawiyo itsika kufika pa maola 4 okha. Linacenjezanso kuti acinyamata opitirira 1 biliyoni pa dziko lapansi ali pa ngozi ya kugontha cifukwa ca kumvera nyimbo mokweza. M'kati mwa khutu muli tinthu tating'ono tonga ubweya timene timva mau, ndipo tikafa sitimeranso. Munthu akazima nyimbo namva m'khutu kulira ngati nyenje, khutu lamucenjeza. Muyeso wapafupi ndi uwu: ngati anthu awiri otalikirana mita imodzi ayenera kufuula kuti amvane, nyimbo yakwera mopitirira. Makanda ndi ana aang'ono asagonekedwe pafupi ndi masipika.

Besi idutsa zipupa mosabvuta, ndipo m'nyumba zoyandikana ngati za m'makomboni a ku Kafue mnansi amva kugunda kokha, popanda nyimbo. Kuseri kwa cipupaco kungakhale namwino wocokera ku nchito ya usiku, mwana wokonzekera mayeso a Grade 12 kapena wodwala. Lamulo la za cilengedwe la 2011, limene bungwe la ZEMA liyang'anira, liwerengera phokoso pakati pa zinthu zoipitsa malo, ndipo khonsolo nayo ilandira madandaulo otere. Kumudzi mlandu wotere ufika kwa anyakwawa. Koma nkhani siyenera kufika kumeneko, pakuti ubwino weni-weni wa lipenga labwino ndi wakuti limveketsa zonse ngakhale pa mau otsika. Amene aliza mpaka mazenera kunjenjemera sanapindule ndi ndalama zake, ndipo akale anati ng'oma yolira-lira sicedwa kung'ambika.

Kotero mlimi kapena msodzi amene alinga zogula masipika caka cino ayambe ndi cingwe copimira, osati cikwama. Ayambe wasuntha mpando, wayala mphasa ndi kukhomera malata, namvere masipika amene ali nao kale, pakuti mwina bvuto linali cipinda. Ngati cilakolako cikalipo pamene feteleza, mbeu ndi ndalama za sukulu zapatulidwa, apite ku sitolo ndi miyeso ya cipinda cake pa pepala ndi nyimbo yake m'thumba, ndipo asankhe sipika yaing'ono pa ziwiri zimene zamukomera.